Maola 11 pa bwalo la ndege la Istanbul: ndituluke kapena ndidikire m'kati?

Funso: Mwezi wamawa ndili ndi ulendo wa kuntchito, ndipo ndikasintha ndege ku Istanbul. Yoyamba ikatera 6 koloko m'mawa, yachiwiri ikanyamuka 5 koloko madzulo. Anzanga ena akuti ndikatuluke ndikaone mzinda, ena akuti ndisakayerekeze, ndege ikandisiya. Ndine mayi woyenda ndekha, ndipo ulendo wautali chonchi ndi woyamba. Maola 11 amenewa ndikawachite chiyani?

Yankho: Mayi, ndikuyankhani mosapita m'mbali. Mukatuluke mukauone mzindawo, bola viza ndi tikiti zikhale zili m'malo. Koma nambala ya 11 ija muiiwale. Amenewo ndi maola a papepala. Anu enieni, oti n'kuyenda nawo mumzinda, ndi ochepa zedi, ndipo zomwe akuopa anzanu aja zimagwera munthu amene wadalira a papepalawo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndege ikagunda pansi 6 koloko, inu simunafike ayi. Bwalo latsopano la Istanbul, lomwe ndege zonse za anthu zinasamukirako mu 2019 kuchoka pa bwalo lakale la Atatürk, ndi lalikulu kwambiri. Ndege imayenda pansi mtunda ndithu isanaime, kenako mumayenda wapansi m'makonde ataliatali, n'kukaima pamzere wodinditsa pasipoti. Zonsezi zipatseni ola ndi theka. Ndiye kuti panja mukutuluka cha m'ma 7:30. Tsopano yambirani kumapeto mubwere chafutambuyo. Ndege ya 5 koloko imayamba kukweza anthu kutatsala pafupifupi ola, ndipo geti amatseka kutatsala mphindi 15 kapena 20. Ku Istanbul amasecha kawiri, koyamba pakhomo penipeni lolowera m'nyumbamo, kachiwiri mukadutsa pa pasipoti, ndipo kuchoka apo kukafika ku geti lakutali ndi ulendo winanso. N'chifukwa chake ndikufuna kuti pofika 2 koloko masana mukhale mutabwerera pabwalopo. Mbali yakale ya mzinda ili pa mtunda wa makilomita oposa 40, choncho ikani ola ndi theka popita, ola ndi theka pobwerera. Chatsala n'chiyani? Kuyambira 9 koloko mpaka 12:30. Maola atatu ndi theka.

Musakhumudwe nawo. Ndi okwana kuti mudzati mzinda umenewu ndinaupondamo, ndinauona ndi maso anga, ngati muwagwiritsa ntchito pa malo amodzi. Tifikako kumeneko.

Kawerengedwe kameneka n'kamodzimodzi kulikonse, chosintha ndi mtunda basi. Ku Amsterdam sitima yochokera pa Schiphol imafika pakati pa mzinda m'mphindi zosaposa 20. Ku Hong Kong sitima ya Airport Express imatenga mphindi 24. Ku Johannesburg, Gautrain imakutulani ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15. Kumalo otere maola 7 akhoza kukwana. Koma pakakhala maola ochepera 6, ine ndimalangiza munthu aliyense kuti asatuluke, ngakhale mzinda ukuonekera pawindo.

Tsopano viza, chifukwa ndiyo imalamula zonse. Bwalo la ndege lili ndi mbali ziwiri. Mbali ya m'kati ndi ya anthu ongodutsa, ndipo mukakhala kumeneko pasipoti yanu sidindidwa, dzikolo simunalowemo. Ku Istanbul anthu a mayiko ambiri amadikira kumeneko popanda viza iliyonse. Koma mukangofuna kuponda panja, ngakhale kwa ola limodzi, mukulowa m'dziko la Türkiye (Turkey), ndipo malamulo ake akukhudzani monga mlendo wina aliyense. Zimatengera pasipoti yomwe muli nayo. Ena amalowa popanda viza. Ena amagula e-Visa pa intaneti asananyamuke. Palinso ena amene amaloledwa e-Visa pokhapokha ali kale ndi viza kapena chilolezo chokhala m'dziko chimene chikugwira ntchito cha mayiko a Schengen (gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi), United States, United Kingdom kapena Ireland, ndipo otsalawo amayenera kupempha ku ofesi ya kazembe. Mufufuze zimenezi sabata ino, osati mawa lake muli paulendo, ndipo mugwiritse ntchito tsamba la boma lenileni, la evisa.gov.tr. Pa intaneti pali masamba ambiri ofanana ndi a boma amene amalipiritsa ndalama zoonjezera pa ntchito yomwe mungadzichitire nokha. Onaninso tsiku lothera pasipoti yanu. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6.

Ndipatukeko pang'ono chifukwa cha ena amene akuwerenga, omwe akadutsira kwina. Musaganize kuti kudikira m'kati kulibe viza paliponse. Ku United States kulibe mbali ya anthu ongodutsa. Aliyense amadutsa pa ofesi ya olowa ndi otuluka, ndiye amafunika viza kapena ESTA (chilolezo cha pa intaneti cha anthu a mayiko ena amene safunika viza) ngakhale akungosintha ndege. Ku United Kingdom anthu a mayiko ena amafunika viza yodutsira ngakhale sachoka m'kati mwa Heathrow. M'mayiko a Schengen nakonso alipo anthu ofunika viza yodutsira pabwalo, ndipo ngati ulendo wanu uli ndi ndege yochoka mumzinda wina wa Schengen kupita mumzinda winanso wa Schengen, tinene Amsterdam kupita Paris, ndiye kuti mukulowa ndithu, mufunika viza yonse. Wogwira ntchito amene amakupatsani kapepala kokwerera ndege amaona malamulo onsewa pa kompyuta, m'kaundula wa bungwe la IATA wotchedwa Timatic. Akapeza kuti mapepala anu ndi operewera, sakukwezani, chifukwa kampani ya ndege ndiyo imalipitsidwa chindapusa ikanyamula munthu wopanda mapepala.

Chachiwiri ndi tikiti. Tengani pepala la ulendo wanu muone ngati ndege zonse ziwiri zili pansi pa nambala imodzi ya zilembo ndi manambala 6. Zikakhala choncho, kawirikawiri sutikesi yanu imapita yokha mpaka komwe mukuthera, ndipo simuiona ku Istanbul. Komabe funsani popereka katundu kuti, "Kodi katunduyu ndikamutengera kuti?" ndipo muyang'ane kapepala komwe amamata pa sutikesi, kaonetse zilembo zitatu za bwalo lomaliza. Pemphaninso kuti akupatsiretu boarding pass (kapepala kokwerera ndege) ya ndege yachiwiri, kuti pobwera kumzinda musakaimenso pamzere wina. Ngati matikiti ndi awiri ogulidwa padera, nkhani yasintha. Mudzayenera kulowa m'dziko, kutenga katundu ndi kukamuperekanso, ndiye viza idzafunika mufune musafune, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri ilibe nanu mangawa. Onetsetsaninso kuti ndege zonse ziwiri zili pa bwalo limodzi. Istanbul ili ndi mabwalo awiri, IST kumbali ya Ulaya ndi SAW, la Sabiha Gökçen, kumbali ya Asia, ndipo ndi otalikirana kwambiri. N'chimodzimodzi London ndi Heathrow ndi Gatwick, Paris ndi Charles de Gaulle ndi Orly, Tokyo ndi Narita ndi Haneda.

Chifukwa chimene ndikuumirira za 2 koloko ndi ichi. Ndege ikakusiyani chifukwa chakuti yoyamba inachedwa, pa tikiti imodzi, kampani imakuikani pa ndege ina. Koma ikakusiyani chifukwa munachedwa nokha kumzinda, vuto ndi lanu, ndipo makampani ambiri amafufuta maulendo onse otsala pa tikitiyo, wobwerera womwe. Kugula tikiti ina tsiku lomwelo pabwalo la ndege n'kokwera mtengo kwambiri. Ola limodzi lomwe mungalione ngati latayika podikira pa geti ndi lotchipa poyerekeza ndi zimenezo.

Popeza mukuyenda nokha ndipo ndi koyamba, njira imene ndingakusankhireni ndi iyi. Ngati ndege zanu zonse ziwiri ndi za Turkish Airlines, kampaniyi ili ndi ndondomeko yotchedwa Touristanbul, yoonetsa mzinda kwaulere kwa anthu odutsa amene akudikira pakati pa maola 6 ndi 24. Mumadutsa pa pasipoti, n'kukalembetsa pa desiki yawo kumalo otulukira, basi yawo imakutengani pamodzi ndi wokulondolerani, n'kukubwezani pabwalo. Viza mumadzipezera nokha. Maulendowa ali ndi nthawi zake zonyamukira, ndiye muone pa tsamba lawo umene ukugwirizana ndi ndege yanu. Ubwino wake waukulu si kuti ndi waulere. Ndi wakuti nkhawa ya nthawi ndi ya njira imasenzedwa ndi anthu amene amachita zimenezi tsiku lililonse. Mabwalo ena ali ndi zofanana. Changi ku Singapore imaonetsa mzinda kwaulere kwa odikira maola osachepera asanu ndi theka, Incheon ku South Korea ilinso ndi maulendo a anthu odutsa, ku Doha alipo olipira, ndipo Ethiopian Airlines imapereka hotela ku Addis Ababa kwa odikira pakati pa maola 8 ndi 24 pakakhala kuti panalibe ndege ina yachangu. Anthu ambiri amagona pa mipando yolimba usiku wonse osadziwa kuti tikiti yawo inali ndi bedi. Funsani.

Koma tinene kuti mwasankha kuyenda nokha, zomwe n'zotheka ndithu. Kwerani sitima, osati galimoto. Misewu ya Istanbul imadzaza kwambiri, ndipo takisi kapena basi ya Havaist ikhoza kutenga ola lero, mawa n'kutenga awiri. Sitima ya pansi pa nthaka, njanji ya M11, inafika pabwaloli mu 2023, ndipo kuyambira 2024 imafika ku Gayrettepe, komwe mumasintha n'kukwera M2 yolowera ku mbali yakale ya mzinda. Nthawi yake ndi yodziwika, ndipo nthawi yodziwika ndiyo mukufuna. Pa siteshoni gulani khadi la Istanbulkart, muikemo ndalama; limagwira ntchito m'sitima, m'mabasi, m'tramu ndi m'maboti momwe. Popita muyang'ane wotchi, mudziwe kuti ulendo wakutengerani mphindi zingati, ndipo pobwerera muwonjezerepo 30.

Mukafika mumzinda, yesero limakhala lofuna kuona zonse. Mizikiti ya Hagia Sophia ndi Blue Mosque, nyumba yachifumu ya Topkapı, msika wa Grand Bazaar, nsanja ya Galata, zonsezi mwazimva, ndipo pamapu zikuoneka zoyandikana. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Malo otchukawa amakhala ndi mizere italiitali, ndipo mukhoza kutha ola lathunthu mwa maola anu atatu mutaima kumbuyo kwa munthu wina. Topkapı satsegula Lachiwiri, Grand Bazaar satsegula Lamlungu, ndipo mizikiti imatseka kwa alendo pa nthawi za mapemphero, makamaka Lachisanu masana. Sankhani dera limodzi, muliyende pang'onopang'ono.

Mukandifunsa ine, ndingakutumizeni uku. Tsikani M2 pa Vezneciler, muyende mphindi zochepa kukafika ku mzikiti wa Süleymaniye, womwe mmisiri Mimar Sinan anamaliza kumanga mu 1557. Kumeneko anthu sapanikizana ngati ku Sultanahmet, dera lomwe kuli Hagia Sophia ndi Blue Mosque, ndipo mukaima pabwalo lake la kumbuyo mumaona madzi a Golden Horn ndi Bosphorus, milatho, ndi mzinda utayalana mbali zonse. Mukavule nsapato, mukafunde kumutu, mulowe mukhale pansi kanthawi. Kuchoka apo mutsetsereke phiri wapansi mpaka ku Eminönü, m'mphepete mwa madzi, pafupi ndi msika wa zokometsera zakudya ndi mlatho wa Galata pomwe asodzi amaima ndi mbedza zawo. Nthawi ikalola, kwerani boti la anthu wamba lopita ku Üsküdar kapena Kadıköy. M'mphindi pafupifupi 20 mwachoka ku Ulaya, mwafika ku Asia, mukumwa tiyi pakati pa anthu opita kuntchito, ndipo Hagia Sophia, yomwe inamalizidwa mu 537, mukuiona yonse kuchokera pamadzi popanda kuima pamzere. Kwa munthu wa maola atatu, sindikudziwa chinthu china mumzindamo chopatsa zambiri chonchi. Koma boti likhale la m'mawa. Ikakwana 11:30 muyenera kukhala muli tsidya la Ulaya, ndipo 12:30 ikakwana, kaya tiyi simunamalize, nyamukani.

Tsopano tinthu ting'onoting'ono tomwe timaononga tsiku. Sutikesi yanu yapita kale, ndiye chilichonse chimene mudzafune mumzinda chikhale m'chikwama cha m'manja: mankhwala anu, mpango wofunda kumutu, nsapato zoyendera, ndi jekete. Ku Istanbul kumazizira kwambiri kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndipo munthu amene wasiya zovala zotentha m'sutikesi sangakhale panja ola. Chikwama chikakhala cholemera, chisungitseni kumalo osungira katundu pabwalopo, koma pasipoti, ndalama, makhadi a kubanki ndi boarding pass zikhale pathupi panu. Pa chifukwa chomwecho, musagule zamadzimadzi mumzinda. Mafuta onunkhira, uchi, mafuta ophikira, chilichonse cha m'botolo loposa mamililita 100 adzakulandani posecha, chifukwa mulibenso sutikesi yoikamo. Zouma zokha.

Ndalama tengani zochepa za lira (ndalama ya ku Türkiye) pa ATM, zokwanira kukwera ndi kudya, popeza osintha ndalama pabwalo la ndege amadula. Makina akakufunsani ngati mukufuna kulipira m'ndalama ya khadi lanu kapena mu lira, sankhani lira. Njira inayo imakhala ndi mtengo wosinthira wokudyerani. Adziwitseni a kubanki kuti mukuyenda, angatseke khadi poona likugwira ntchito kudziko lachilendo. Wi-Fi ya pabwalo imathera pakhomo, ndiye musananyamuke sungani mapu a Istanbul m'foni kuti azitseguka popanda intaneti, kapena mugule eSIM (SIM khadi yoika m'foni kudzera pa intaneti) ngati foni yanu imalola. Lembaninso papepala nambala ya ndege, nthawi yake, ndi dzina la siteshoni yobwerera, İstanbul Havalimanı, kuti batire likatha musasowe chomuonetsa munthu. Nthawi zonse zolembedwa pa tikiti ndi za malo omwe ndegeyo ili, choncho mukangotera onetsetsani kuti foni ndi wotchi zasintha, n'kutchera alamu ya nthawi yobwerera.

Za chitetezo, Istanbul masana m'madera amenewa mumadzaza anthu, ndipo amayi ambiri amayendamo okha. Zosamala ndi zomwezo za mizinda yonse ya alendo: opisa m'matumba pamalo opanikizana, takisi yokana kuyatsa mita, ndi munthu wansangala mopitirira amene mwangokumana naye, akufuna kukuperekezani kusitolo ya m'bale wake. Kanani mwaulemu, osaima.

Nanga viza ikapanda kutheka, kapena mwatera muli wotopa kwambiri? Musadzione ngati mwaluza. Ngati mawa lake muli ndi ntchito yofuna mutu wabwino, ndipo usiku wonse munali mundege osagona, kupuma n'kwanzeru kuposa kuona mzinda ndi maso olemera. Ndege yofika usiku nayonso sindilangiza munthu kutuluka nayo, pokhapokha akupita kukagona kuhotela. Koma kudikira m'kati kulinso ndi dongosolo lake. Choyamba sambani. Madzi otentha ndi zovala zam'kati zatsopano zimasintha thupi kuposa khofi aliyense. Pa bwalo la Istanbul pali hotela ya YOTEL yomwe ili ndi zipinda kumbali ya m'kati, zoti mukhoza kugonamo osadinditsa pasipoti. Palinso ma lounge olipira, momwe muli chakudya, mabafa ndi mipando yabwino, koma mufunse kaye maola omwe amalola, chifukwa ambiri ali ndi malire. Ngati simukufuna kulipira kanthu, yendani mpaka kumageti akutali komwe kulibe ndege yonyamuka posachedwa, kumakhala bata. Koletsani lamba wa chikwama kumkono, mutchere alamu, mugone.

Mukadzuka, yendani. Kukhala pansi maola ambiri mundege, kenako pampando, kenako mundege ina kumachedwetsa magazi m'miyendo, ndipo nthawi zina amaundana m'mitsempha. Kuyenda ndi kumwa madzi ambiri kumathandiza. Nyamulani botolo lopanda kanthu muzidzaza mukadutsa posecha. Pawabanki ikhale m'chikwama cha m'manja, popeza siloledwa m'katundu wopita pansi pa ndege. Ndipo musadalire kumva dzina lanu pa zokuzira mawu. Mabwalo ambiri akuluakulu anachepetsa zolengeza, ndipo geti likhoza kusintha. Muziyang'ana pa zikwangwani za magetsi kawirikawiri, makamaka maola awiri omaliza.

Pali chinthu china chimene sichikukhudzani ku Istanbul koma chimagwira ambiri odutsira m'mizinda ngati Addis Ababa kapena Nairobi, m'mayiko omwe ali pa mndandanda wa matenda a yellow fever. Mayiko ena, South Africa mwachitsanzo, amafuna khadi lachikasu la katemera kwa munthu amene wadikira maola oposa 12 pa bwalo la dziko lotero, ngakhale sanatuluke panja. Khadilo limayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10 chibayireni katemera, ndipo kuyambira 2016 limagwira ntchito moyo wonse. Amene ulendo wake uli wotero abayitsiretu.

Mayi, mukatera, muwerengenso masamu aja ndi nthawi yeniyeni, chifukwa ndege yoyamba ikhoza kuchedwa. Nthawi yobwerera pabwalo, 2 koloko, siisuntha. Ndege ikachedwa ndi ola limodzi, siyani boti, muone Süleymaniye ndi Eminönü basi. Ikatera 8 koloko itadutsa, kapena mwapeza mzere wa pasipoti wautali moti 9:30 ikukwana musanatuluke, zakumzinda zisiyeni, mupeze posamba ndi pogona. Ndipo ngati tikiti yanu yobwerera ikudutsanso ku Istanbul, muone maola ake ndi mtundu wa viza yanu musanailipire, popeza ina imalola kulowa kamodzi kokha.